Mudzi umene unadzimangila netiweki

Netiweki ikavuta, timaikamba monga mmene timakambila za mvula. "Lelo yapita." "Yabwela manje, tumiza mwamsanga." Timanyamula foni m'mwamba, timaimilila pakhomo, ena amafika pokwela pa culu. Koma tumizele tuja timaona pakona ya foni tuli na eni ake. Pali munthu amene anakhala pansi na mapu n'kusankha pomanga tawa, kumene eliyo idzayang'ana, kumene malaiti adzacokela, na amene adzakwela pamwamba cinthu cikawonongeka. Komboni ina inalowa pa mapu amenewo, ina inatsala. Mbili ya intaneti yopanda nthambo muno m'Zambia ni mbili ya zosankha zotelo, ndipo mbali yake yophunzitsa kwambili inacitikila kutali na Lusaka, ku Macha, m'cigawo ca Kum'mwela.

Nthambo zinathela m'mbali mwa njanji

Tiyambile kumbuyo pang'ono. Mu 1974 dziko lathu linatsegula siteshoni ya setilaiti ku Mwembeshi, kumadzulo kwa Lusaka, kuti tizikamba na maiko akunja mwacindunji. Mu 1991 akatswili a makompyuta pa UNZA anayamba kutumiza maimelo. Kompyuta yao na ina ya ku Rhodes University ku South Africa zinali kuimbilana foni pa nthawi zoikika, n'kupatsana makalata onse amene aunjikana. Mu November 1994 kampani ya ZAMNET, imene inabadwila pa UNZA pomwepo, inalumikiza Zambia ku intaneti yeni-yeni kupitila pa laini yopita ku Cape Town. Lainiyo inali ya 14.4 kbps cabe, ndipo onse olowa pa intaneti m'dziko muno anali kugawana iyo yomweyo. Ngakhale n'telo, tinakhala limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kukhala na intaneti. Caka cimeneco lamulo latsopano linagawa PTC kukhala Zamtel na Zampost, n'kukhazikitsa bungwe loyang'anila za mauthenga limene mu 2009 linasanduka ZICTA.

Vuto linali lakuti intaneti ya nthawiyo inali kuyenda pa foni ya m'nyumba, ndipo m'zaka za m'ma 1990 mafoni a nthambo m'dziko lonse sanafike 100,000. Pa anthu 100 alionse, foni siinali kukwana olo imodzi. Ambili mwa mafoniwo anali m'maofesi na m'mayadi a m'mbali mwa njanji, kucokela ku Livingstone kudutsa Lusaka mpaka ku Copperbelt. Kukoka nthambo ya kopa kufika pa nyumba iliyonse kumadya ndalama zambili, ndipo nthamboyo imakopa akawalala. Zinali zoonekelatu kuti ambili a ise tidzafikilidwa kupitila m'mafunde a wailesi.

Makampani a mafoni a m'manja anabwela cakumapeto kwa zaka zimenezo. Telecel ndiye inadzakhala MTN mu 2005, ndipo Zamcell inasintha maina, Celtel, Zain, mpaka kukhala Airtel mu 2010. Koma kampani ikafuna kumanga tawa, imawelenga mitu ya anthu okhala pafupi, ndalama zimene angagulile tokotaimu, mseu wofikako, na mtunda wocokela pa nthambo za ZESCO. Malo akumidzi, kumene nyumba n'zotalikilana, amagwa mayeso amenewa. Macha inali imodzi mwa malo otelo.

Dishi imodzi, anthu mahandiledi

Macha ili pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 70 kucokela ku Choma, m'dela la anthu okamba Citonga. Mishoni ya chalichi ca Brethren in Christ inakhazikitsidwa kumeneko mu 1906, ndipo pali cipatala, masukulu, na malo ofufuzila za malungo amene amagwila nchito pamodzi na Johns Hopkins University ya ku America. Ofufuzawo anali kufunika kutumiza zimene apeza, madokotala anali kufunika kufunsa anzao akutali, koma kunalibe nthambo ya foni, ndipo mafoni a m'manja anali asanayambe kugwila. Mu 2004 anaika dishi ya setilaiti ya mtundu wa VSAT. Mmodzi mwa amene anatsogolela nchitoyo anali injiniya wa ku Netherlands, Gertjan van Stam, ndipo pambuyo pake panakhazikitsidwa kopaletivu yochedwa LinkNet kuti iyendetse netiweki.

Setilaiti imene dishi yotelo imayang'ana ili pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 36,000 m'mwamba. Mukadina batani, uthenga umakwela mtunda wonsewo, umatsikila ku siteshoni ya ku dziko lina, ndipo yankho limabwelela njila yomweyo. Ulendo umenewu umatenga nthawi yopitilila hafu ya sekondi, olo zinthu zonse zili bwino. Liwilo limene Macha inalonjezedwa pa dishi yake linali 128 kbps, ndipo malipilo anali opitilila madola 1,000 pamwezi. Tiyeni tiwelengele pamodzi. Pa liwilo limenelo, cithunzi cimodzi ca 3 MB, monga cimene timajambula na foni masiku ano, cimatenga mamineti atatu kuti citsike, ngati muli mwekha pa laini. Ku Macha anthu anali mahandiledi angapo.

Ndalama yotelo siingalipilidwe na nyumba imodzi. Inafunika kugawidwa, ndipo kuti igawidwe, intaneti inayenela kucoka pa dishi n'kufika ku cipatala, ku masukulu, ku nyumba za manesi na aziphunzitsi. Mbali imeneyi, yocoka pa gwelo kufika kwa wogwilitsa nchito, ndiye imavuta kwambili pa netiweki iliyonse padziko, ndipo apa m'pamene Macha inaonetsa nzelu.

Kudumpha denga na denga

Anasankha Wi-Fi, imene imayenda pa mafunde a 2.4 GHz. Zipangizo zake zinali zochipa cifukwa zinali kupangidwa zambili-mbili kaamba ka nyumba na maofesi a ku Europe na America. Kuyambila mu 2006, mothandizana na Meraka Institute ya ku South Africa na bungwe la TNO la ku Netherlands, anayamba kumanga netiweki ya mtundu wochedwa mesh. Anatenga tumabokosi twa Linksys WRT54G, n'kucotsamo pulogilamu ya ku fakitale, n'kuikamo yaulele yochedwa Freifunk, yolembedwa na anthu odzipeleka a ku Germany.

Nzelu yake ni iyi. Kabokosi kalikonse kamacita nchito ziwili. Kamapeleka intaneti kwa a m'nyumba imene kali, ndiponso kamalandila uthenga wocokela kwa aneba n'kuupatsila kabokosi kotsatila. Uthenga umadumpha denga na denga mpaka ufike pa dishi. Kamodzi kakazima, tunzake tumafuna-funa njila ina tokha. Nyumba yatsopano ikalowa, netiweki imatambasuka popanda kukumba ngalande kapena kukoka nthambo.

Koma kumanga netiweki yotelo kumafuna kuyenda pansi na kuyang'ana bwino-bwino. Mafunde a 2.4 GHz amafuna kuti eliyo imodzi izionana na inzake, ndiye cifukwa cake malo okwela, monga nsanja ya thanki ya madzi, amakhala amtengo wapatali. Masamba a mitengo amamwa mphamvu ya mafundewa. Laini imene inali kugwila bwino mu October, mitengo itayoyola masamba, ingayambe kudula-dula mu January, masamba atabwelela ndipo anyowa. Cinanso, kabokosi kokhala na wailesi imodzi sikangamve na kukamba pa nthawi imodzi, conco pa kudumpha kulikonse liwilo limatsika pafupi-fupi na hafu. Nyumba ya kumapeto, imene uthenga wake umadumpha kanayi kapena kasanu, imalandila zotsala. Ndiponso pa 2.4 GHz pali machanelo atatu cabe amene sapondana, 1, 6 na 11. Mukaunjika tumabokosi tambili pafupi-pafupi pa chanelo imodzi, tumasokonezana monga anthu okuwa onse pamodzi pa msika.

Cimene cinali kuwononga zipangizo kwambili cinali malaiti. Anali kuzima-zima, ndipo pobwela anali kubwela na mphamvu yopitilila, n'kuocha tumabokosi. Nthawi ya mvula mphenzi inali kuwonjezela mavuto, popeza eliyo yoikidwa pamwamba imaiitana. Kunalinso fumbi na kutentha. M'makompyuta munali mavailasi amene anali kudya laini mwakacetecete, pamodzi na mapulogilamu odzikonza okha, amene anapangidwa poganizila anthu a intaneti yothamanga.

Katswili wocokela ku Lusaka sakanatha kumayenda makilomita opitilila 300 nthawi iliyonse kabokosi kapsa. Conco LinkNet inaphunzitsa acinyamata a ku Macha komweko kukonza makompyuta, kuika pulogilamu m'tumabokosi, kulunjikitsa maeliyo na kufufuza pamene laini yadukila. Ambili anayamba asanakhudzepo kompyuta. Anatsegulanso malo olowela pa intaneti m'makontena a zitsulo, ndipo anthu anali kugula mavaucha kuti athandize kulipila dishi. Kupitila pa laini yofooka imeneyo, ena anapeza nchito yolemba zinthu m'kompyuta kaamba ka kampani ya kunja, ndipo wina anawelenga za ulimi wa mpendadzuwa n'kuuyambitsa m'delalo.

Uthenga wopita kwa aneba unali kuzungulila ku America

Netiweki ya ku Macha inakopa ofufuza a ku University of California, Santa Barbara, amene anapima zimene zinali kudutsa pa laini. Anapeza kuti Facebook inali kudya mbali yaikulu, ndipo mauthenga ambili ocezela anali pakati pa anthu a ku Macha okha-okha. Munthu akatumiza cithunzi kwa mnzake wokhala kuseli kwa cipatala, cithunzico cinali kukwela ku setilaiti, kupita ku makompyuta a kutsidya la nyanja, n'kubwelelanso pa laini yodula ija. Ofufuzawo anayesa kuika kompyuta pamudzi pomwepo yosunga zinthu zimene anthu akugawana, kuti za pamudzi zizithela pamudzi. Mu 2012 anayesanso kanetiweki ka mafoni kochedwa Kwiizya, liu la Citonga lotanthauza kuceza, kamene kanali kulola mafoni wamba kuimbilana na kutumizilana mameseji m'mudzimo kwaulele.

Mu 2011 Macha inalumikizidwa na laini ya microwave ya 2 Mbps, yodutsa pansi pano kucoka tawa kupita tawa. Linali liwilo loposa la dishi kangapo, koma silinacedwe kudzala. Anthu ataona kuti laini yamasuka, anayamba kuonelela mavidiyo na kutumiza zinthu zikulu-zikulu. Aliyense wopanga mapulani a netiweki amakumana na zimenezi: njala ya intaneti imakula mogwilizana na mbale imene mwaika patebulo.

M'tauni munali kucitika ciani?

Pamene Macha inali kulimbana na tumabokosi twake, m'matauni makampani ogulitsa intaneti anali kuyesa njila ina yochedwa WiMAX. Tawa imodzi inali kutumikila dela lalikulu, ndipo kasitoma anali kuikilidwa eliyo pa denga yoyang'ana ku tawayo. Inathandiza maofesi, mabanki na masukulu, koma padziko lonse makampani a mafoni anasankha LTE, imene timaicha 4G, ndipo WiMAX inazilala.

Kusintha kwakukulu kunabwela na nthambo za fibre. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamcele, conco kwa zaka zambili intaneti yathu yonse yopita kunja inali kudalila setilaiti. Mu 2009 fibre ya ZESCO, yoyenda pamwamba pa nthambo za malaiti, inalumikizidwa na ya ku Namibia, n'kutifikitsa ku nthambo za pansi pa nyanja. M'zaka zomwezo nthambo zatsopano za SEACOM na EASSy zinafika ku gombe la kum'mawa kwa Africa. Popanda zimenezi, 4G imene inayamba kuno mu 2014 na 5G imene MTN inatsegula mu November 2022 zikanakhala monga mpopi waukulu wolumikizidwa ku paipi yopyapyala. Tawa iliyonse imafuna njila yotulutsila katundu wake, kaya fibre kapena tumadishi twa microwave tuja timaona tutamangililidwa m'mbali mwake.

Kumidzi, boma linalowelelapo cifukwa masamu a makampani sanali kulola. ZICTA inamanga matawa 204 m'madela a mafumu, ambili a 2G, okwanila kuimba na kutumiza meseji. Gawo laciwili, limene linayamba mu 2017 kupitila ku Zamtel na Huawei, linali la matawa 1,009. Caka cimeneco TV yakale ya analogi inazimidwa m'mbali mwa njanji, ndipo nkhani imeneyi imakhudza foni yanu kuposa mmene mungaganizile. Mafunde a pansi, monga a 800 MHz amene kale anali m'cigawo ca TV, amayenda mtunda wautali ndipo amalowa m'nyumba mosavuta, conco tawa imodzi imafikila midzi yambili. Mafunde a pamwamba, monga a 2,600 MHz, amanyamula katundu wambili koma amathela pafupi. Wopanga mapulani amasankha malinga na malo, ndipo ZICTA ndiye imagawa mafundewa kwa makampani.

Apa m'pamene pali yankho la funso limene timafunsa kawili-kawili ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Mandevu: n'cifukwa ciani tumizele n'todzala koma vidiyo siiyenda? Tumizele tumaonetsa cabe kuti foni ikumva tawa. Kambili tawa imagawidwa mbali zitatu, ndipo mafoni onse a mbali imodzi amagawana mphamvu imodzi. M'komboni mmene nyumba n'zothithikana, madzulo anthu akakomboka, mafoni mahandiledi amathamangila pa mbali imodzi. Ni vuto lija la dishi ya ku Macha, langovala zovala za m'tauni. Mankhwala ake ni matawa oculuka oyandikana, mafunde owonjezela, na fibre yofika pa tawa. Zonsezi zimafuna malo omangapo, ndipo m'komboni imene inakula popanda mapulani, kumene madzi amasefukila caka na caka, malo otelo ni osowa.

Malaiti anatikumbutsa

Mu 2024 cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba, ndipo m'miyezi ina malaiti anali kuzima maola 20 kapena kuposelapo patsiku. Matawa ali na mabatile na majenileta, koma batile imafuna nthawi yokwanila kuti idzale, ndipo jenileta imafuna dizilo na munthu woipeleka. Mafoni anali kudula, ndalama za pa foni zinali kukakamila, ndipo a m'mabuthi anali kubweza makasitoma. Zimene acinyamata a ku Macha anadziwa zaka pafupi-fupi 20 kumbuyoko zinafika pakhomo pathu: netiweki imaima pa malaiti.

Dishi nayonso yabwelela. Starlink inayamba kugwila nchito m'Zambia mu October 2023. Masetilaiti ake amazungulila pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 550, conco kucedwa kuja kwa hafu ya sekondi kunatha, ndipo liwilo limaposa la dishi ya ku Macha maulendo mahandiledi. Koma ndalama yogulila zipangizo na yolipila pamwezi ikali yolema kwa nyumba zambili. Sukulu, kiliniki, chalichi kapena msika umene wagula dishi umapezeka pamene Macha inali mu 2004. Gwelo lilipo limodzi, ofuna kumwa ni ambili, ndipo pafunika wina wodziwa kugawa.

Munthu ameneyo ayenela kuyankha mafunso amene LinkNet inayankha. Intaneti idzacokela kuti, ndipo idzakwanila anthu angati pa nthawi imene onse ali pa laini? Maeliyo adzaikidwa pati kuti azionana, mvula ikagwa na mitengo ikaphuka? Malaiti akapita, sola na mabatile zidzagwila maola angati, ndipo mphenzi idzachingidwa bwanji? Ndani adzatolela ndalama ya pamwezi, ndipo ndani adzakonza zikawonongeka? Wofuna kugulitsa intaneti kwa anthu afunikanso laisensi ya ZICTA, ndipo pa malo a mfumu, mlongoti suimikidwa mfumu isanavomele.

Mafunso amenewa tingawafunsenso kwa khansala kapena phungu akabwela kudzalonjeza tawa m'dela lathu. Tawa ya 2G kapena ya 4G? Idzalumikizidwa na fibre kapena microwave? Ili na sola? Tawa yoimilila bwino pa cithunzi ingakhale yosathandiza mwana wa sukulu amene afuna kutsitsa mapepa a mayeso akale.

Ndipo nchito imeneyi imaphunzilika. Kumanga nthambo ya netiweki, kukonza router, kupima mphamvu ya mafunde, kuwelengela mabatile na mapanelo a sola, zonsezi zimaphunzitsidwa m'makoleji a zaumisili, ndipo zambili zili pa intaneti kwaulele. Ambili a ise tili na foni yamphamvu kuposa makompyuta amene acinyamata a ku Macha anaphunzililapo. Iwo anayamba na 128 kbps, makwelelo, na kabokosi ka pulasitiki kotetezela router ku mvula.